Cingelezi: Malamulo Ake ndi Kasankhidwe ka Mau Oyenera

Cingelezi, cimene anthu ambiri amangocicha kuti Cizungu, ndico cinenero ca boma m'dziko la Zambia. Gawo 258 la malamulo oyendetsera dziko lino, monga anakonzedwera m'caka ca 2016, linena zimenezi poyera. Malamulo ocokera ku Nyumba ya Malamulo amalembedwa m'Cingelezi, zigamulo za makhoti akuluakulu zimalembedwa m'Cingelezi, ndipo mwana wofuna malo pa University of Zambia afunika kukhoza bwino Cingelezi pakati pa maphunziro asanu amene amafunidwa. Lamulo la zamaphunziro la 1966 linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'giredi yoyamba. Ndondomeko ya m'makalasi oyambirira yasinthidwa kangapo kucokera nthawiyo, monga mu 2014 pamene zinenero za m'dziko muno zinapatsidwa malo kuyambira giredi 1 kufikira giredi 4, koma pa mayeso otsiriza sukulu, pa kalata yofunsira nchito ndi pa pepala la kukhoti, Cingelezi sicinasunthidwepo.

Munthu wolankhula Cinyanja akalakwitsa Cingelezi, kawirikawiri sikuti mauwo sawadziwa. Bvuto limakhala lakuti zinenero ziwirizi siziika malire pa malo amodzi. Pali zinthu zimene Cinyanja cimasiyira womvera kuti azindikire yekha, koma Cingelezi cimakakamiza wolankhula kuzichula: ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, ngati cinthuco ncodziwika kale kapena ayi, ndani akupereka ndipo ndani akulandira. Palinso zina zimene Cinyanja cimasiyanitsa mosamala, pomwe Cingelezi cimangoziunjika m'liu limodzi. Pa malo oterewa ndi pamene tanthauzo limatayikira.

KUMENE MAU AMBIRIWA ANACOKERA

Cingelezi cinayamba ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes, imene inaoloka nyanja kucokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark n'kukakhazikika pa cisumbu ca Britain m'zaka za m'ma 400. Mau a tsiku ndi tsiku monga "house", "water", "mother" ndi "eat" ndi a mizu imeneyo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 700 kunayamba kufika ma Viking a ku Scandinavia, amene poyamba anali kufunkha koma pambuyo pake anamanga midzi, ndipo anasiya mau monga "take", "egg", "sky", ngakhalenso "they" ndi "them".

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1066 pamene William, wolamulira cigawo ca Normandy ku France, anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300 Cifalansa cinali cinenero ca kunyumba ya mfumu, ca eni minda ikuluikulu ndi ca m'makhoti. Cilatini cinali ca kuchalichi ndi ca anthu ophunzira, ndipo Cingelezi cinatsalira anthu wamba. Pamene cinabwereranso pamwamba, cinali citanyamula mau zikwizikwi a zinenero zinazo popanda kutaya ake akale. Motero nyama ikakhala yamoyo ichedwa "cow", "pig" kapena "sheep", koma ikafika m'mbale ichedwa "beef", "pork" kapena "mutton", mau ocokera ku Cifalansa. Cinyanja cimangoti nyama ya ng'ombe, nkhani n'kutha.

Mau a kukhoti monga "judge", "jury", "verdict", "prison", "bail" ndi "plaintiff" analowanso kudzera m'Cifalansa. Lamulo la 1362 lolamula kuti milandu ku England izikambidwa m'Cingelezi linalembedwa, modabwitsa, m'Cifalansa momwemo. Mau amenewa ndiwo anadzafika ku Northern Rhodesia pamodzi ndi ulamuliro wa Britain, ndipo akali kumveka m'makhoti a Lusaka ndi Chipata.

Zotsatira zake nzakuti pa ganizo limodzi Cingelezi cimakhala ndi mau awiri kapena atatu: "buy" ndi "purchase", "begin" ndi "commence", "help" ndi "assist", "ask" ndi "interrogate". Mauwa amafanana koma salemera mofanana. Mayi amacita "ask" mwana wake kumene anacedwa. Wocita "interrogate" ndi wapolisi. Ophunzira ambiri amakhulupirira kuti liu lalitali ndilo lionetsa maphunziro, ndipo makalata a m'maofesi adzala ndi "commence" ndi "terminate" pamene "start" ndi "end" akanakwana. Matendawa si a ku Zambia kokha. Mu 1948 boma la Britain linafalitsa buku la Sir Ernest Gowers lochedwa Plain Words, colinga cake cinali kuletsa anchito a boma a kumeneko kulembera anthu m'mau otupa.

MALAMULO AMENE AMAGWETSA AMBIRI

Cingelezi cakale cinali ndi timapeto ta mau tosonyeza wocita ndi wocitiridwa. Timapetoto tinatha, ndipo nchito yake inatengedwa ndi dongosolo la mau m'ciganizo: woyamba ndi mwininkhani, kenako mneni, kenako wocitiridwa. "The driver hit the cyclist" ndi "The cyclist hit the driver" ali ndi mau amodzimodzi, koma woyenera kulipira ngosiyana. Lamuloli silibvuta kwenikweni olankhula Cinyanja pakuti dongosolo lao lozolowereka ndi lomwelo.

Cobvuta ndi kacilembo ka "s". Pa dzina kamasonyeza zambiri, koma pa mneni kamasonyeza cimodzi: "the boy runs", "the boys run". Munthu amene cinenero cake cimagwirizanitsa dzina ndi mneni m'magulu oposa khumi, monga "munthu afika, cinthu cifika, zinthu zifika", amaiwalabe kacilembo kamodzi aka, mwina kamba kakuti kali kumapeto kwa liu pomwe Cinyanja cimaika zizindikiro zake kumayambiriro.

Cinyanja cili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi. Cingelezi cimafuna "he" kapena "she", ndipo mboni imene yasokoneza awiriwa ingasinthe munthu amene ikumunena popanda kudziwa. Pamene sizidziwika ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, "they" amaloledwa kuimira munthu mmodzi. Kagwiritsidwe aka kalipo m'zolembedwa kuyambira zaka za m'ma 1300, ngakhale aphunzitsi ena akali kukadula ndi colembera cofiira.

Timau "a", "an" ndi "the" tilibe anzake enieni m'Cinyanja, komabe tanthauzo lake lilimo. "A" anacokera ku liu lakale lotanthauza "cimodzi", ndipo amagwira nchito ngati "wina": "a policeman came" ndiko kuti kunabwera wapolisi wina. "The" ali ngati "uja": "the policeman came" ndiko kuti wapolisi uja, amene onse awiri akumudziwa, anabwera. Kusankha pakati pa "a" ndi "an" kumatsata kamvekedwe, osati cilembo, ndiye cifukwa cake amati "an hour" ndi "an MP" koma "a university". Timau timeneti timaoneka topanda nchito kufikira munthu atayerekeza "few people came" ndi "a few people came". Ciganizo coyamba ndi dandaulo lakuti anthu anacepa, caciwiri cinena kuti analipo ndithu angapo. M'Cingelezi ca ku Britain, "he went to prison" ndiko kuti anamangidwa, pamene "he went to the prison" ndiko kuti anapita kundendeko, mwina kukaona mbale wake. Kamau kamodzi kosiyidwa kangasandutse mlendo kukhala mkaidi.

Palinso maina amene Cingelezi sicilola kuwawerenga. "Advice", "information", "furniture", "luggage", "equipment" ndi "evidence" salandira "s" ndipo satsogoleredwa ndi "a". Pakuti Cinyanja cimati malangizo, mipando ndi zipangizo, dzanja limafuna kulemba "advices" ndi "equipments", zimene woyesa mayeso amazidula. Wofuna kuwerenga amati "a piece of advice" kapena "two items of furniture". Maina ena akalandira "s" amasintha tanthauzo lonse. "Damage" ndi kuonongeka kwa cinthu, koma "damages" ndi ndalama zimene khoti lalamula kuti wolakwiridwa alipidwe. "Custom" ndi mwambo, koma "customs" ndi a msonkho wa pa malire monga pa Chirundu kapena pa Mwami.

Pa nthawi za aneni, cosokoneza kwambiri ndi kusiyana kwa "he has arrived" ndi "he arrived". Kumafananako ndi "wafika" ndi "anafika". Lamulo lake nlakuti "has" kapena "have" sayendera pamodzi ndi nthawi imene inatha, conco "he has arrived yesterday" ncolakwika. M'kalata yofunsira nchito kusiyanaku kuli ndi mtengo wake: "I have worked in Katete for five years" kawirikawiri amamveka kuti munthuyo akali komweko, pamene "I worked in Katete for five years" anena kuti anacokako. Aneni osonyeza mkhalidwe, monga "know", "own" ndi "understand", nthawi zambiri salandira "-ing", motero "I am knowing him" sicimveka kwa eni cinenero. Pamwamba pa izi pali aneni pafupifupi 200 osatsata lamulo la "-ed", monga "go, went, gone", amene alibe njira ina koma kuwaloweza.

LIU LIMODZI LA CINYANJA, MAU ANGAPO A CINGELEZI

M'Cinyanja munthu amati "ndinabwereka khasu kwa a Phiri" ndiponso "a Phiri anandibwereka khasu", mneni ndi mmodzi yemweyo. Apa ndi pamene panabadwira "borrow me your pen" womveka m'masukulu onse. Cingelezi cimapatula mbali ziwirizi: wolandira amacita "borrow", wopereka amacita "lend". Pa colembera palibe cotayika, koma pa pepala la ngongole "borrower" ndiye wobweza ndalama ndipo "lender" ndiye mwini wake, conco wosaina afunika kuona kuti dzina lake lili pansi pa liu liti.

Cinyanja cimamanga mau atsopano pa muzu umodzi: kuphunzira ndi kuphunzitsa, kudya ndi kudyetsa, kuona ndi kuonetsa. Cingelezi pa malo amenewa cimasintha liu lonse: "learn" ndi "teach", "eat" ndi "feed", "see" ndi "show".

Mneni "kumva" yekha amagawika kasanu. Kumva ndi makutu ndi "hear", kumva kuwawa ndi "feel", kumva fungo ndi "smell", kumva kukoma ndi "taste", ndipo kumva tanthauzo ndi "understand". Wodwala wouza dokotala kuti "I am hearing pain" wangosamutsa Cinyanja cake. "Kukhala" nakonso kumagawika: pa mpando ndi "sit", kwa masiku ocepa ndi "stay", pa mudzi wokhazikika ndi "live". Funso lakuti "where do you stay?" lazolowereka kum'mwera kwa Africa konse, koma kwa munthu wa ku London lingamveke ngati akufunsidwa za nyumba ya alendo kumene wafikira. Mankhwala m'Cinyanja amamwedwa ngakhale ali mapiritsi. M'Cingelezi mneni wake ndi "take".

Aperekezi atatu a Cinyanja, pa, mu ndi ku, ayenera kugawidwa pakati pa "at", "on", "in", "to", "into" ndi ena ambiri. Pa nthawi lamulo lilipo: "at" pa ola, "on" pa tsiku, "in" pa mwezi ndi caka. Kwina konse ndi cizolowezi cabe, ndipo palibe nzeru imene ingafotokoze cifukwa cake amati "on the bus" koma "in the car". Aneni ena safuna mperekezi konse. "Discuss about" ndi "cope up with" amamveka ngakhale pa misonkhano ya akuluakulu, koma olondola ndi "discuss" yekha ndi "cope with".

Coopsa kuposa zonsezi ndi kayankhidwe ka funso lokana. Munthu akafunsidwa kuti "simunamuone?", m'Cinyanja amati "inde", kutanthauza kuti zimene mwanenazo nzoona, sindinamuone. Cingelezi cimatsata cocitikaco, osati mau a wofunsa. Pa funso lakuti "didn't you see him?", amene sanamuone amati "no", ndipo "yes" amamveka kuti anamuona. Womasulira m'khoti ndi namwino wofunsa wodwala amakumana ndi msampha umenewu tsiku ndi tsiku, ndipo njira yake ndi kuyankha ndi ciganizo cathunthu: "No, I did not see him."

MAU A MILANDU

Palibe malo amene liu limalemera kuposa m'nkhani za milandu. Gawo 18 la malamulo oyendetsera dziko lino linena kuti munthu woimbidwa mlandu ayenera kuonedwa wosalakwa kufikira atapezeka wolakwa kapena atabvomera yekha. Cingelezi cili ndi liu la sitepe iliyonse ya ulendo umenewu. "Suspect" ndi munthu woganiziridwa cabe. "Arrested" ndiko kuti apolisi amugwira. "Charged" ndiko kuti wauzidwa mwalamulo mlandu umene ayankhe, ndipo kuyambira pamenepo achedwa "the accused". "Remanded in custody" ndiko kusungidwa m'ndende podikira mlandu. "Convicted" ndiko kuti khoti lamupeza wolakwa, ndipo "sentenced" ndiko kuti lapereka cilango. Cinyanja ca m'misewu cimaphimba masitepe onsewa ndi liu limodzi lakuti "amangidwa", ndipo m'mudzi munthu wogona usiku umodzi ku polisi amabwerako atamangidwa kale m'maganizo a anansi ake. Wolemba nkhani amene waika "convicted" pamene panayenera "charged" waipitsa dzina la munthu, ndipo angasumiridwe.

Kutuluka m'khoti nakonso kuli mitundu iwiri. "Acquitted" ndiko kuti khoti lamva mlandu n'kupeza kuti munthuyo alibe colakwa, ndipo saimbidwanso mlandu womwewo. Koma pamene mkulu woimira boma pa milandu, Director of Public Prosecutions, walowetsa cimene cimachedwa m'Cilatini "nolle prosequi", mlandu umangoimitsidwa. Munthuyo amakhala "discharged", amapita kwao, koma boma lingathe kumugwiranso pa nkhani yomweyo. Acibale obvina panja pa khoti nthawi zina sadziwa kuti mwa ziwirizi cacitika nciti.

"Kupha" ndi "kill", liu losanena za mlandu: ngozi ya pa mseu imacita "kill". "Murder" ndi kupha mwadala ndi mtima woipa wokonzeratu, pamene "manslaughter" ndi kupha kosaloledwa ndi lamulo koma kopanda colinga cotero. Kufikira mwezi wa December 2022, pamene cilango ca imfa cinathetsedwa m'dziko muno, kusiyana kwa mau awiriwa kunali kutha kukhala kusiyana kwa moyo ndi cingwe. "Kuba" nakonso kuli ndi magulu ake. Cinthu ndico cimacitidwa "steal", pamene munthu kapena banki ndiye amacitidwa "rob", conco "they robbed my phone" ncolakwika. M'buku la malamulo a milandu la Penal Code, "theft" ndi kuba kopanda ciwawa, "robbery" ndi kuba mogwiritsa nchito ciwawa kapena ciopsezo, ndipo "aggravated robbery", kuba kwaciwawa kocitidwa ndi cida kapena ndi anthu oposa mmodzi, kunaikidwira cilango cosacepera zaka 15. Kuthyola nyumba masana ndi "housebreaking", usiku ndi "burglary".

Mneni "kukana" amagawika pawiri, ndipo apa ngakhale anthu ophunzira amapunthwa. "Deny" ndiko kunena kuti cinthu sicoona, pamene "refuse" ndiko kusafuna kucita cinthu. Woimbidwa mlandu amacita "deny" kuti anaba, koma amacita "refuse" kuyankha mafunso. "He refused that he stole" si Cingelezi. "Kubvomera" kumagawika koposa: "admit" pa colakwa, "agree" pa maganizo, "accept" pa copatsidwa, "allow" pa cilolezo.

Ngakhale mneni wonena kuti munthu analankhula amanyamula ciweruzo ca wolemba. "The minister said" saonjezerapo kanthu. "The minister claimed" aonetsa kuti wolemba akukayika. "Revealed" abvomereza kuti zonenedwazo nzoona ndipo zinali zobisika, ndipo "admitted" asonyeza kuti wolankhulayo anali ndi cobisa. Pa nkhani imene khoti lisanagamule, liu lochinjiriza ndi "alleged", lofanana ndi "akuti". M'malamulo ndi m'mapangano olembedwa, "shall" kawirikawiri amalamula, pamene "may" amangopereka mphamvu yocita kapena kusacita. Wanchito amene pangano lake likuti bwana "may pay" ndalama yoonjezera alibe pogwira polimba.

ULEMU NDI CIBALE

Pa nkhani ya ulemu, Cingelezi ndico cosauka. Kale cinali ndi "thou" wa munthu mmodzi ndi "you" wa anthu ambiri kapena wa munthu wolemekezeka, monga mmene Cinyanja cilili ndi "iwe" ndi "inu". Baibulo la King James la 1611 linasunga "thou", koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 liulo linali litatha m'kalankhulidwe ka anthu a mumzinda, ndipo "you" anatsala yekha wa mfumu ndi wa mwana yemwe. A mpingo wa Quakers amene anaumirira kuchula aliyense "thou" anaonedwa ngati amwano.

Ulemuwo sunathe, unangosamukira kwina. M'liu lakuti "ndipatseniko" muli "-ni" ndi "-ko" amene amafewetsa pempho. Akamasuliridwa mwacindunji amatsala "give me", amene m'Cingelezi ndi lamulo louma. Munthu waulemu kwambiri m'cinenero cake angamveke wamwano pa ofesi popanda kudziwa cifukwa. Zimene "-ni" ndi "-ko" amacita, Cingelezi cimazicita ndi "could you", "would you", "may I" ndi "I would like". M'makalata mwambo wa ku Britain ndi wakuti yoyamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" imatha ndi "Yours faithfully", ndipo yochula dzina la munthu imatha ndi "Yours sincerely".

Pa cibale zinenero ziwirizi sizikumana konse. Cingelezi cimafunsa ngati mbale ndi mwamuna kapena mkazi, "brother" kapena "sister". Cinyanja cimafunsa ngati ndi mkulu, mng'ono kapena mlongo. "Uncle" amaphatikiza amalume ndi atate aang'ono, anthu a maudindo osiyana kotheratu pa ukwati ndi pa maliro. "Cousin" amaphatikiza msuweni ndi mwana wa mbale wa atate, amene m'Cinyanja ndi mbale weniweni, ndipo poyesa kukonza cisokonezoci anthu anapanga "cousin brother", liu losadziwika ku England. Nkhani imakula pa cuma ca masiye. Lamulo la 1989 lochedwa Intestate Succession Act, lokhudza munthu womwalira osasiya wilo, linagawa cuma motere: 20 peresenti kwa "spouse", 50 peresenti kwa "children", 20 peresenti kwa "parents" ndi 10 peresenti kwa "dependants". Tanthauzo la mau amenewa ndi limene lamulolo linalemba, osati limene banja limagwiritsa nchito pochula aliyense wa msinkhu wa atate kuti atate.

Pali mau ena amene a Zambia anawapatsa tanthauzo laolao. "Relish" kuno ndi ndiwo, pamene ku Britain ndi kamsuzi kokometsera cakudya. "Robot" ndi magetsi a pa mphambano, monga amanenera ku South Africa ndi ku Zimbabwe. "My father is late" kuno ndiko kuti atate anamwalira, koma kwa mlendo zimamveka kuti acedwa kufika. Mau otere si zolakwa pakati pa anthu omvana, ndipo cinenero ciliconse cofalikira m'maiko ambiri cimabala ana otere. Funso limene wolemba ayenera kudzifunsa nlakuti pepalalo likawerengedwa ndi yani.

NDANI AMAIKA MALAMULO

Dziko la France lili ndi bungwe loyang'anira cinenero cake, Académie française, lokhazikitsidwa mu 1635. Cingelezi cilibe bungwe lotero. Malamulo ake anacokera kwa osindikiza mabuku, aphunzitsi ndi olemba madikishonale. William Caxton anayamba kusindikiza ku Westminster mu 1476, ndipo makina osindikizira anathandiza kuumitsa kalembedwe pa nthawi imene kachulidwe kanali kusintha. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene "k" wa mu "knife" amalembedwa koma samveka. Buku loyamba la galamala ya Cingelezi linali la William Bullokar mu 1586. Dikishonale ya Samuel Johnson ya 1755 inali ndi mau oposa 42,000. Robert Lowth, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa London, anafalitsa galamala yake mu 1762, ndipo mabuku a mtundu umenewo ndiwo anazika lamulo lakuti kukana kawiri m'ciganizo cimodzi kumasanduka kubvomera, ngakhale olemba akale monga Chaucer anali kukana kawiri mosaopa. Malamulo ena ophunzitsidwa mwaukali, monga loletsa kutsiriza ciganizo ndi mperekezi, anatengera Cilatini, ndipo eni cinenero sanawatsatepo mokhulupirika.

Kwa wophunzira Cingelezi ngati cinenero caciwiri, buku lothandiza kwambiri linacokera kwa A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England amene anagwira nchito ku Japan. Dikishonale yake inatuluka ku Tokyo mu 1942, kenako ku Oxford mu 1948, ndipo lero ichedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary. Iyo imasonyeza dzina lowerengeka ndi losawerengeka, mperekezi wotsatira mneni, ndi ciganizo cacitsanzo. Buku la mau ofanana, monga la Peter Mark Roget la 1852, limangondandalika mau oyandikana popanda kunena kusiyana kwao, conco wophunzira wotolamo liu lacilendo angaike "notorious", wochuka ndi zoipa, pamene anafuna "famous".

Kalembedwe nako kali pawiri. Noah Webster, mu dikishonale yake ya 1828, anakhazikitsa kalembedwe ka ku America monga "color" ndi "center", pamene Britain inasunga "colour" ndi "centre". Masukulu ndi boma la Zambia amatsata ka Britain. M'kalembedwe kameneka dzina limatenga "c" ndipo mneni amatenga "s": "a licence" koma "to license", "a practice" koma "to practise", monga mmene zilili ndi "advice" ndi "advise". Makompyuta ndi mafoni ambiri amabwera atacheredwa pa Cingelezi ca ku America, motero amadula mzere wofiira pansi pa liu lolondola la ku Britain. Komanso nthawi zambiri salabadira liu lolembedwa bwino koma losayenera pamalopo: "lose" ndi "loose", "principal" ndi "principle", "stationery" ndi "stationary", onse amadutsa. Ngakhale manambala a tsiku amasiyana. Pa fomu ya ku Zambia kapena ku Britain, 3/4/2025 ndi tsiku la 3 mwezi wa April, koma pa fomu ya ku America ndi tsiku la 4 mwezi wa March, ndipo wofunsira visa kapena malo a sukulu kunja amapewa cisokonezoci polemba dzina la mwezi m'mau.